Ziboliboli Zopuma Mpweya: Tsiku Limodzi Panjinga ku Münster

Mzinda wa Münster, kumadzulo kwa dziko la Germany, uli ndi mwambo wofuna kudekha. Kamodzi pa zaka khumi zilizonse, kuyambira mu 1977, mzindawu umaitana aluso a m'maiko osiyanasiyana kuti adzaike ntchito zawo pamtetete: m'misewu, m'mapaki, kumanda, kudoko ngakhalenso m'nyumba zimene zidasiya kugwira ntchito. Chionetserochi amachitcha Skulptur Projekte. Amene adachiyambitsa ndi Klaus Bußmann ndi Kasper König, ndipo chidabadwa pamkangano, anthu a mumzindawu atanyansidwa ndi chiboliboli chachitsulo cha George Rickey chozungulira ndi mphepo, chimene ambiri ankati si luso konse. Pakhomo salipiritsa, poti khomo lenilenilo palibe. Chimene mlendo amapereka ndi miyendo yake, chifukwa ntchitozi zimamwazikana mbali zonse za mzinda.

N'chifukwa chake alendo ambiri amabwereka njinga. Ku Münster njinga si chizindikiro cha kusowa. Zimachuluka kuposa anthu, amakwera ndi bwana ndi mesenjala yemwe, ndipo eni mzinda adaipatsa dzina lawolawo loti Leeze. Pomwe padali linga la mzinda wakale pali msewu wa mitengo uku ndi uku wotchedwa Promenade, wotalika makilomita 4.5, umene umazinga pakati pa mzinda ndipo galimoto siloledwa kuyendamo.

Chionetsero chachisanu chidachitika kuyambira pa 10 Juni mpaka pa 1 Okutobala 2017. Padali ntchito 35 ndipo odzaona adakwana pafupifupi 650,000. Ine ndidali m'dzikolo pamaphunziro a masabata ochepa okhudza ntchito yathu ya m'boma, ndipo ndidapatula Loweruka limodzi la mwezi wa Ogasiti. Chimene chidandikoka n'chakuti chaka chimenecho zina mwa ntchito zotchedwa ziboliboli sizidali za mwala kapena chitsulo, koma anthu amoyo.

Ndiyambe ndalongosola chimene ndizichitcha luso la thupi m'nkhani ino. Si sewero monga timaonera a Kwathu, momwe nkhani imayamba, kufika pampondachimera ndi kutha, wochita atavala khalidwe la munthu wina. Si gulenso, ngakhale kuvina kumalowamo. Apa waluso amatenga thupi la munthu, nthawi ndi malo n'kuzigwiritsa ntchito monga wosema agwiritsira ntchito phingo. Mu 1965, mumzinda wa Düsseldorf, Joseph Beuys adadzipaka uchi ndi timapepala tagolide kumutu, adanyamula kalulu wakufa n'kumayenda naye m'chipinda akumulongosolera zithunzi zapakhoma, anthu akuonera pawindo. Owerenga ena ati amisala sasowa m'dziko lililonse. Komatu dziko la zaluso lidailandira ntchitoyo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo funso silinathe: ngati chinthu chachitika n'kuzimirira, chasiyana pati ndi chipwirikiti wamba? Ine muyeso wanga patsikulo udali wosavuta. Munthu wa panjinga amakhala ndi liwiro m'magazi. Mapu ali m'thumba, iye akuwerenga zimene waona ndi zimene zatsala ngati wosonkhetsa msonkho pamsika. Ndidafuna kuona ntchito zimene zikanatha kunditsitsa pachishalo, n'kundisunga.

Yoyamba ndidaimva ndisanaione. Pafupi ndi siteshoni ya sitima pali Hamburger Tunnel, njira yapansi pa njanji yodutsamo apansi ndi apanjinga. M'menemo Emeka Ogboh wa ku Nigeria adaikamo masipika otulutsa nyimbo ndi mawu a Moondog, woimba wosaona wa ku America amene adakhala zaka zambiri akuima m'mbali mwa msewu ku New York, kenako adasamukira ku Germany, namwalirira ku Münster mu 1999. Eni mzinda ankadutsa chothamanga, belu lili ngirii, n'kutola kachidutswa chabe ka kugunda kwa ng'oma. Pamenepo pali nzeru, chifukwa Moondog mwini wake ankapitiriridwa chomwecho masiku onse a moyo wake. Koma ntchito imene yavomereza kupitiriridwa imapitiriridwadi. Ndidatsika, ndidamvetsera pang'ono, ndipo sindidamve kuti ndikutaya kanthu pochoka.

Kudoko zinthu zidasintha. Doko la Münster ndi ngalande yaikulu yolowamo zombo zakatundu, yokhala ndi magombe awiri osayankhulana: kumpoto kuli malo odyera ndi maofesi owala, kumwera kuli nkhokwe ndi mafakitale. Ayşe Erkmen, mayi wa ku Turkey, adamiza makontena m'madzimo n'kuyala zitsulo za mabowomabowo pamwamba pake, pansi pang'ono pa nkhope ya madzi, kutalika mamita oposa 60 kuchokera gombe lina kufika linzake. Ntchitoyi adaitcha On Water. Ukaima patali, chitsulo chija suchiona. Umangoona anthu akuyenda pamadzi, ndipo aliyense amene adapitako ku Sande sukulu akudziwa dzina la mtumwi amene lidandibwerera m'mutu.

Pano njinga ilibe ntchito. Uyenera kuikhoma loko, kuvula nsapato ndi masokosi, kupinda buluku mpaka m'mawondo, ndiye n'kuponda. Madzi adali ozizira, zitsulo zikulasa kuphazi, ndipo munthu aliyense ankayenda mwa kayendedwe kachilendo, manja atatambasula pang'ono ngati mwana wongophunzira kumene. Ndidaona abambo a ulemu wawo akugwirana manja ndi anthu osawadziwa. Ndidaona agogo ena atafika pakatikati ataima chilili, akuseka okha. Erkmen sadalembe wovina ngakhale mmodzi, komabe iyi ndi imene ndingaitche ntchito ya thupi yolongosoka koposa mwa zimene ndidaziona m'mawawo, chifukwa woonera ndi woonedwa adali munthu yemweyo. Popanda anthu owolokawo pakanangokhala madzi akuda a padoko.

Chokayikitsa chake ndi chisangalalo chomwecho. Ambiri ankawoloka foni ili m'mwamba, ndipo ntchitoyi ikanatha kuthera pa zithunzi zotumizirana. Kwa ine wochokera kumene mlatho ukakokoloka anthu amawoloka mtsinje njinga ili paphewa, mwana ali kumsana, kudali kovuta kuiwala kuti chimene kuno n'chosewera kwina ndi nkhawa ya dzinja lililonse. Komanso padali patangopita zaka ziwiri kuchokera mu 2015, pomwe dziko la Germany lidalandira anthu othawa kwawo pafupifupi 890,000, ambiri a iwo atawoloka nyanja pa timabwato topanda chitsulo chilichonse pansi. Waluso sadalembe zimenezo pena paliponse. Ndikuyesa adachita bwino kusalemba: adasiya kuti mantha aang'ono a kuphazi aphunzitse amene afuna kuphunzira, ndipo amene sadafune adapita kwawo ndi chithunzi.

Kuchoka apo ndidalowa mu Promenade n'kupalasa kulowera kunyanja ya Aasee, kumene kuli mipira itatu ikuluikulu yakonkire ya Claes Oldenburg, yotsala ku chionetsero choyamba cha 1977. Imeneyo ndiye ntchito yogwirizana ndi njinga. Umaiona uli patali, umaizungulira kamodzi phazi lisanagunde pansi, basi wamaliza. Sindikuinyoza, ndikungoti ndi ya mtundu wakale umene umakudikirira pomwepo mvula ndi dzuwa.

Ntchito imene idandivutitsa maganizo kwambiri ndi imene ndikanatha kuiphonya osadziwa. Xavier Le Roy wa ku France, amene adayamba ndi kuphunzira sayansi ya zamoyo mpaka digiri ya udokotala asanatembenukire ku zovina, pamodzi ndi Scarlet Yu wa ku Hong Kong, adakonza ntchito yotchedwa Still Untitled. Iwo adaphunzitsa anthu wamba a mumzindamo kusandutsa matupi awo ziboliboli, kenako adawamasula kuti azikaonetsa kwa aliyense, paliponse, nthawi imene afuna. Padalibe malo kapena ola loikika loti ukapezepo ntchitoyi. Iyo ndiyo inkakupeza.

Idandipeza masana ndikukankha njinga pafupi ndi msika wa Loweruka wa pabwalo la tchalitchi chachikulu, poti m'khamu lotere supalasa. Mayi wina wachikulire, chikwama cha ndiwo zamasamba chili m'manja, adandiimitsa n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndingalole kuti andionetse chiboliboli. Nditavomera adaika chikwama pansi, adagwada pang'onopang'ono, adapinda msana, dzanja lina n'kuliponya kumbuyo, ndipo adauma gwa. Anthu ankatilambalala ngati madzi polambalala mwala. Patapita mphindi ngati ziwiri adadzuka, adadzisansa fumbi m'mawondo, n'kundifunsa chimene ndaona. Ndidati ndaona mayi wotola nkhuni. Iwo adati m'maganizo mwawo mudali chiboliboli china chimene adachiona ali mtsikana, ndipo tidacheza pang'ono za kusiyana kumeneko asanatole chikwama chawo n'kulowa m'khamu.

Kodi limenelo ndi luso? Ife a m'boma tidazolowera kuti chinthu chogulidwa ndi ndalama za anthu chizikhala ndi nambala m'kaundula wa katundu, kuti owerengera chuma akabwera tiziwalozera. Apa palibe cholozera. Ndiponso kunena zoona, mayiwo sadali katswiri. Dzanja linkanjenjemera, ndipo wovina wophunzira akanachita mokongola kuposa apo. Amene amati Le Roy adapatsa ena ntchito yake n'kulandira yekha ulemu ali ndi mfundo. Komabe taonani chimene chidachitika. Mumzinda umene anthu sapatsana moni pamsewu, mayi wachizungu adagwada pamaso pa mlendo wakuda, pagulu, osapempha kanthu, ndipo mlendoyo adakakamizika kuyang'anitsitsa thupi la munthu wokalamba kwa mphindi ziwiri zathunthu, chinthu chimene mwaulemu sitichita. Chiboliboli chamwala sichingachite manyazi, sichingatope, sichingakufunse maganizo ako. Mphamvu ya ntchitoyi idali pa zofooka zomwezo. Ndipo ndikanakhala pachishalo mayiwo sakanandiimitsa.

Tsono ndifike kumene ndidakhumudwa, ngakhale waluso wake ndimamulemekeza. Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda kuli manda akale a Überwasser amene adasanduka paki. M'mitengo ya pamenepo, pafupi ndi chiliza cha mkulu wina wa asilikali a Prussia wa zaka za m'ma 1800, Hervé Youmbi wa ku Cameroon adapachika zigoba zakumaso zokutidwa ndi mikanda, n'kuzitcha Les masques célestes. Zidapangidwa potsata luso la amisiri a kumadzulo kwa Cameroon, koma mkati mwake adalowetsamo nkhope yoyera yoyasamula ya mufilimu yoopsa ya ku America yotchedwa Scream. Nthabwala yake ndi yakuthwa: azungu amafuna chigoba cha ku Africa chikhale chakalekale, chosakhudzidwa ndi dziko lamakono, pomwe eni ake amameza chilichonse chimene chafika pamudzi. Ife sitingadabwe nazo. Gule Wamkulu adameza kale galimoto, helikopita, Simoni ndi Maliya.

Kusankha manda kudali koyenera. Mchewa aliyense akudziwa kuti zotere zimayandikana ndi kumanda, ndipo sindinena zopitirira apo. Vuto langa lidali lakuti zigobazo zidalibe miyendo. Youmbi amadziwika chifukwa zina mwa zigoba zake zidalandiridwa ndi gulu la mwambo la Ku'ngang kwawoko n'kuvinidwa pamiyambo yeniyeni zisanapite kokaonetsedwa kunja. Ku Münster zidangolendewera, mphepo ikuzitembenuza, alendo akujambula n'kukwera njinga zawo. Amene adafikako ku Mua, m'nyumba ya Chamare imene adakhazikitsa Bambo Claude Boucher, momwe muli zigoba za Gule zoposa 400, akudziwa kusiyana kwa chigoba chapakhoma ndi chilombo chimene chatulukira pabwalo fumbi lili koboo, ng'oma zikulira, amayi akuyankha nyimbo, ana akuthawa. Choyamba chimakuphunzitsa; chachiwiri chimakugwira pamtima. Chidandiwawa n'chakuti m'chaka chimene chionetserochi chidatembenukira ku thupi, mwambo umene udadziwa luso la thupi kalekale Beuys asanabadwe ndi umene udaonetsedwa ngati katundu. Mwina Youmbi adachitira dala, kuti zigobazo zikhale ngati mizimu yosowa pofikira m'dziko la eni. Ngati ndi choncho, oonera amene ndidawapeza sadazimve.

Dzuwa litapendeka ndidabwerera pakati pa mzinda, ku holo yakale ya khonsolo pamsewu wa Prinzipalmarkt. M'nyumbayi muli chipinda chotchedwa Friedenssaal, kutanthauza chipinda cha mtendere, momwe mu 1648 nthumwi za Spain ndi Netherlands zidalumbira kusunga pangano lawo, mbali imodzi ya mapangano a Westphalia amene adathetsa nkhondo ya zaka 30. Zithunzi za nthumwizo zili ndandanda pakhoma. Ambiri amati m'mapangano amenewa ndimo mudachokera ganizo la dziko loima palokha lokhala ndi malire ake. M'menemo Alexandra Pirici wa ku Romania adaikamo anthu asanu ndi mmodzi ovala zovala wamba, m'ntchito yotchedwa Leaking Territories.

Padalibe nsanja kapena mipando yoti apa ochita, apa oonera. Anthu aja ankayenda pakati pathu, nthawi zina kuimba, nthawi zina kuunjikana n'kuumba ndi matupi awo chithunzi cha chochitika china cha m'mbiri, kenako n'kusungunuka. Pakati pa zimenezi ankatchula mtunda ndi zaka zolekanitsa chipindacho ndi malo ena a padziko kumene anthu adaukira, adatsekeredwa kapena adadulidwa ndi malire. Kutchula manambala kungaoneke kouma, koma kwa munthu amene wakhala tsiku lonse akuyeza mtunda ndi akatumba a m'miyendo, kilomita idali itasiya kukhala mawu chabe. Ndidapezeka ndikuwerengera mtunda wanga: kuchokera m'chipinda chimenecho kukafika ku mzere umene Britain ndi Portugal adagwirizana mu 1891, umodzi mwa mizere imene idasiya Achewa m'maiko atatu, moti wopita ku Kulamba ku Mkaika amafunika chiphaso kuti akaone mfumu yake.

Chakumapeto ochitawo adasanduka makina ofufuzira a pa intaneti. Woonera ankatchula liwu, iwo n'kumuyang'ana, kuyerekeza msinkhu wake ndi maonekedwe ake, ndiye n'kumupatsa mayankho omuyenera malinga ndi kuyerekezako. Anthu adaseka kwambiri, ndipo mfundo yake idamveka: malire a masiku ano sali pamapu pokha, aliponso pa zimene makina asankha kukuonetsa. Koma ndikuona kuti apa Pirici adatsika pang'ono. Gawo loyamba lidasiya chipindacho kuti chilankhule chokha kudzera m'matupi. Gawo lachiwirili lidali lochenjera, ndipo kuchenjera kumatha msanga kukoma. Ngakhale zili choncho, mwa ntchito zonse iyi ndiyo idandisunga nthawi yaitali, njinga ili panja ndidaiiwala.

Tsiku lidathera ku Theater im Pumpenhaus, nyumba yakale yopopera madzi onyansa imene idasanduka ya zisudzo mu 1985. Kumeneko gulu la Monika Gintersdorfer ndi Knut Klaßen, limene lakhala likugwira ntchito ndi ovina a ku Côte d'Ivoire kuyambira mu 2005, lidamanga msasa nyengo yonse ya chionetserocho pansi pa mutu wonena kuti kunyozeka si kutha kwa dziko. Kachitidwe kawo kamafanana ndi mlaliki ndi womasulira pamsonkhano wachitsitsimutso. Wovina wa ku Abidjan amalankhula Chifalansa uku akuvina, akulongosola maganizo ake pa ndale, ndalama, chipembedzo kapena kutchuka, ndipo mnzake wa ku Germany amamutsata pambuyo, kumasulira mawu ndi kuyesa kutsanzira mapazi. Womasulira amatsalira, amapuma mwawefuwefu, thupi limamukanika, ndipo anthu amafa ndi phwete.

Ubwino wake ndi woti wotsogolera nzeru ndi Mwafirika, mzungu ndiye wothamangira. Pano thupi la munthu wakuda silidabwere kudzakongoletsa ganizo la wina. Likuganiza lokha, mokweza, ndiponso mwamatama. Chimene chidasowa kumanda kuja chidapezeka pano. Nkhawa yanga idali pa kuseka. Sindidathe kusiyanitsa amene ankaseka chifukwa mfundo yawalasa ndi amene ankaseka chifukwa aona munthu wakuda akugwedeza chiuno, ndipo ndikuganiza kuti ochitawo amadziwa za mpeni wakuthwa konsekonsewu n'kusankha kuugwira chomwecho. Chinanso n'chakuti tidali m'nyumba, titakhala pamipando, zitseko zotseka. Amene adafika ndi okhawo amene adafuna. Mayi wa pamsika uja adali pangozi yokanidwa ndi munthu wodutsa. Pano ngozi imeneyo padalibe, ndipo ntchitoyi, ngakhale idali yamoto, idabwerera kukhala zisudzo monga tizidziwira.

Mwambo wa ku Münster ndi woti chionetsero chikatha mzinda umasungako ntchito zingapo. Kasupe wa Nicole Eisenman, wa anthu asanu ogona ndi kukhala mwaulesi mozungulira thamanda m'mbali mwa Promenade, adawonongedwa kangapo ndi anthu achipongwe mu 2017, koma eni mzinda adasonkha ndalama mpaka adabwezeretsedwa mu 2021 kuti akhalepo mpakampaka. Makontena a Erkmen adavuulidwa, zigoba za Youmbi zidatsitsidwa m'mitengo. Kasper König adamwalira mu 2024, ndipo chionetsero cha 2027 chidaperekedwa m'manja mwa amayi atatu a gulu la WHW la ku Zagreb: Ivet Ćurlin, Nataša Ilić ndi Sabina Sabolović. Wodzapalasa njinga chaka chimenecho adzapeza mipira ya Oldenburg ndi kasupe uja pamalo pake, ndipo m'chipinda cha mtendere adzapeza zithunzi za nthumwi zokha. Ntchito ya Le Roy ndi Yu ndiyo yovuta kuiwerengera, chifukwa anthu amene adaphunzira kuumba ziboliboli ndi matupi awo sadabweze chilichonse kwa mwini chionetsero chitatha, ndipo ambiri a iwo akugulabe ndiwo pamsika womwe uja Lachitatu ndi Loweruka.